Mabala Osaoneka: Eklezia ndi Ana Ake Ochokera ku Nkhondo

Akhristu anzanga, pamene tikukumbukira zaka zana limodzi za chikhulupiriro chathu, nkoyenera kuwerenga matchalitchi amene adamangidwa, ansembe ndi asisiteri amene adatumikira pakati pathu, ndi unyinji wa ana amene adalandira ubatizo. Koma mbiri yoona siwerenga zokoma zokha. Mwa zaka zana zimenezi, zaka 26 dziko lathu lidazithera mu nkhondo: zaka khumi za nkhondo yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi zaka 16 za nkhondo yapachiweniweni imene idatha mu 1992. Kuno ku Assumane, ndi m'midzi yonse yozungulira mzinda wa Lichinga, ndi mabanja ochepa amene sadapereke mwana ku usilikali. Nkhani ino ndi ya amuna ndi anyamata amene adagwira mfuti, ena mwa kufuna kwawo, ena mokakamizidwa, nabwerera kwawo thupi lili lamoyo koma mtima uli ndi bala. Ndiponso ya m'mene Eklezia adayesera kuwalandira ndi kuwachiritsa.

Nthaka imene mbewu idagwamo

Ansembe oyamba a chipani cha Consolata asanafike, dziko la Niassa lidali litalawa kale nkhondo ya azungu. Pa 25 Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, adaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano nagonjetsa Apwitikizi amene adali pamenepo, ndipo kwa miyezi yambiri magulu a nkhondo a Germany, Britain ndi Portugal adapondaponda dziko lonse la kumpoto. Midzi idalandidwa chakudya, amuna adagwidwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ija agogo athu ankaitcha mtengatenga, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa.

Zaka khumi zisanakwane, mu 1926, Bambo Pietro Calandri adafika ku Mandimba, ndipo mu 1928 adatsegula mishoni ya Massangulo. Kunyanja, abale athu a mpingo wa Anglican adali atayamba kale kulalika kuyambira 1882, motsogozedwa ndi William Percival Johnson. Motero mbadwo woyamba kumva katekisimu wathu udali mbadwo wa amtengatenga, anthu a zipsera pamapewa.

Pa nkhondo yomweyo, kutali ndi kuno, sisiteri wina wa chipani cha Consolata, Irene Stefani, ankasambitsa mabala a amtengatenga m'zipatala za asilikali ku Voi, Kilwa, Lindi ndi Dar es Salaam. Adamwalira ku Kenya mu 1930, atatenga mliri kwa wodwala amene ankamusamala. Ku Niassa sadafikeko ali moyo, koma dzina lake tikumananso nalo kutsogoloku.

Zaka za aldeamento

Dayosizi yathu idakhazikitsidwa pa 21 Julayi 1963 ndi dzina la Vila Cabral, ndipo Ambuye Eurico Dias Nogueira adakhala episkopi wake woyamba mu 1964. M'chaka chomwecho, mwezi wa Seputembala, mfuti za nkhondo yomenyera ufulu zidalira ku Chai m'chigawo cha Cabo Delgado, ndi ku Cobué m'mbali mwa nyanja yathu. Boma la Apwitikizi lidasonkhanitsa anthu m'midzi yolondedwa ndi asilikali, imene inkatchedwa aldeamento. Ena adathawira kuthengo, ena ku Tanzania, ena ku Malawi ndi pa chilumba cha Likoma.

Nkhondo itakula, Apwitikizi adalemba anyamata ambiri a dziko lino m'gulu lawo. Zidatheka kuti mayi mmodzi akhale ndi mwana kwa Frelimo ndi wina ku tropa, ndipo popemphera korona usiku asadziwe kuti apemphe kupambana kwa yani. Pa 7 Seputembala 1974 mgwirizano wa ku Lusaka udathetsa nkhondo, ndipo pa 25 Juni 1975 tidalandira ufulu. Omenyera ufulu adabwera ndi ulemu waukulu, monga kudali koyenera, koma ulemu wa masana sudafunse m'mene iwo ankagonera usiku. Amene adatumikira Apwitikizi adatchedwa comprometidos, ndipo zithunzi za ena mwa iwo zidapachikidwa pa malo a ntchito kuti aliyense awadziwe. Amenewa adameza zonse, zoopsa zimene adaona pamodzi ndi manyazi awo.

Chinthu chimodzi cha zaka zimenezo tisachiiwale. Mu 1966 Ambuye Eurico adalembera Asilamu a m'dayosizi yawo kalata yaubale. Kwa ife amene timatunga madzi pa chitsime chimodzi ndi Asilamu ndi kuikirana maliro, kalata imeneyo idatsegula khomo limene lidatithandiza pambuyo pake, pakuti mabala a nkhondo sasankha mzikiti kapena tchalitchi.

Eklezia wa m'miphakati

Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano lidatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. Amishonale ambiri adachoka, ndipo otsala sankaloledwa kuyenda momasuka. Mu 1976 dayosizi idatenga dzina la Lichinga. Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, a chipani cha Yesu, amene adasankhidwa mu 1972, adakhalabe ndi nkhosa zawo mpaka 2003. Mu Seputembala 1977 msonkhano waukulu wa Eklezia wa dziko lonse udachitika ku Beira, ndipo udagamula kuti moyo wa Eklezia ukhazikike m'miphakati, akhristu eni ake atagawana maudindo: wotsogolera mapemphero, wophunzitsa katekisimu, woyendera odwala, woika maliro, woyanjanitsa mabanja. Ambiri adaona ngati ndi njira yongodikira masiku abwino. Tikayang'ana m'mbuyo lero, tikuona kuti Mulungu ankakonzeratu manja amene adzagwire ntchito pa nthawi imene wansembe sadzatha kufika.

Nthawiyo sidachedwe. Niassa adali kale dziko la misozi ya alendo, chifukwa cha misasa yophunzitsiranso anthu monga M'telela ndi Unango, ndiponso chifukwa cha Operação Produção ya mu 1983, imene idatutira kuno anthu ambirimbiri ochokera ku Maputo ndi Beira. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo idali itatizinga. Njanji yochokera ku Nacala kudzera ku Cuamba idasokonezeka, mchere ndi sopo zidasowa, ndipo othawira ku Malawi ochokera m'dziko lonse adapitirira miliyoni imodzi. Lamulo la 1978 linkati mnyamata atumikire usilikali zaka ziwiri, koma ambiri adakhalako zaka zochuluka osaona kwawo. Mbali inayo, anyamata ankagwidwa m'minda ndi m'njira, ena asanamere ndevu, napatsidwa mfuti; atsikana ankatengedwa kukasenza katundu ndi kukwatiwa mokakamizidwa.

Mu Januwale 1989 asilikali a Renamo adalowa ku Nipepe, m'dayosizi yathu yomwe ino. Anthu pafupifupi 270, ambiri mwa iwo akatekisiti ndi mabanja awo amene adasonkhana pa maphunziro, adakhala otsekeredwa m'tchalitchi masiku angapo m'nyengo yotentha. Madzi okha amene adali nawo ndi a m'chitsime cha ubatizo. Adapempha thandizo la Sisiteri Irene Stefani, namwa onsewo, madzi osatha. Eklezia atafufuza adavomera kuti chidali chozizwitsa, ndipo pa 23 Meyi 2015 ku Nyeri, m'dziko la Kenya, Irene adatchulidwa Wodala. Si onse amene adapulumuka motero: pa 22 Malichi 1992 ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane, akatekisiti ndi a m'mabanja awo oposa makumi awiri adaphedwa.

Tikamakamba za Nipepe, mtima wathu umakhala ndi amene adali m'kati mwa tchalitchi. Koma kunja kwa khomo kudaima anyamata a mfuti, nawonso ana a anthu, obadwa kwa amayi monga ife. Patapita zaka zisanu, anyamata otero a mbali zonse ziwiri adabwerera kumidzi, ndipo funso lidagwera miphakati: kodi amenewa tiwakhazike pati?

Tsiku la kubwerera

Maepiskopi athu adayamba kupempha zokambirana m'makalata awo kuyambira 1983, pa nthawi imene mawu otero ankaoneka ngati kuukira boma. Apapa João Paulo II adabwera mu Seputembala 1988, nayendera Maputo, Beira ndi Nampula. Mu Julayi 1990 zokambirana zidayamba ku Roma, pa nyumba ya gulu la akhristu la Sant'Egidio, ndipo mwa amkhalapakati mudali Ambuye Jaime Gonçalves a ku Beira, Bambo Matteo Zuppi, Andrea Riccardi ndi Mario Raffaelli. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina mgwirizano wa mtendere.

Mu 1994, moyang'aniridwa ndi gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ, asilikali pafupifupi 92,000 a mbali zonse adatula mfuti. Aliyense adapatsidwa zovala, khasu, mbewu, ulendo wopita kumene wasankha, ndi ndalama za mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri. Nyumba ya malamulo idali itakhululukira kale milandu yonse ya nkhondo ndi lamulo la mu Okutobala 1992. Ku South Africa, kuyambira 1996, ochimwa ndi ochimwiridwa ankaima poyera pamaso pa bungwe lotsogozedwa ndi Ambuye Desmond Tutu nafotokoza zimene zidachitika. Dziko lathu lidasankha njira ya kukhala chete. Tisaipeputse njira imeneyi, pakuti idatseka khomo la kubwezerana, ndipo anthu amene dzulo ankasakana adalima minda yoyandikana. Koma akuluakulu adati mlandu suola. Umene boma lidaufafaniza pa pepala udapitiriza kuzengedwa usiku ndi usiku m'mitima ya anthu.

Nthenda imene makolo ankaidziwa

Ife amene tinali achinyamata pa ntchito ya ukatekisiti masiku amenewo tidaona zinthu zimene sitidaziphunzire m'kalasi. Tidaona mwamuna wamphamvu akudzigwetsa pansi chifukwa chitseko chamenyeka ndi mphepo. Tidamva amayi akudandaula kuti bambo a m'nyumba amagona ndi chikwanje kumutu, ndipo amadzuka pakati pa usiku akufuula maina a anthu osadziwika. Ena ankabwera ku Misa, koma ankakhala pafupi ndi khomo, msana atatsamira khoma, ndipo nthawi ya Ukaristia ikakwana ankatuluka mwakachetechete. Ena adathawira ku kachasu ndi chamba, ndipo nkhondo imene idatha kuthengo idasamukira m'nyumba, pa msana wa mkazi ndi ana.

Madokotala a ku America adalemba nthenda imeneyi m'buku lawo mu 1980, ataona asilikali awo ochokera ku Vietnam, naipatsa dzina lachidule la PTSD. Amafotokoza kuti thupi la munthu amene wakhala nthawi yaitali pakamwa pa imfa limazolowera kulonda, ndipo ngakhale zoopsa zitatha limakana kupumula. Fungo, phokoso kapena loto zimabweza tsiku lakale ngati likuchitika lero. Si mantha a munthu wofooka ayi, ndiponso si ufiti.

Makolo athu adaidziwa kale nthendayi m'njira yawo. Ankati munthu wokhetsa magazi a mnzake, ngakhale mlenje wopha nyama yaikulu, asalowe m'mudzi asanasambe mankhwala, kuopa chirope, misala ija ya magazi imene imasandutsa munthu woopsa kwa abale ake omwe. Nchifukwa chake m'madera ambiri a dziko lino mabanja adatengera ana awo ku mtsinje, nawasambitsa, natentha zovala za ku nkhondo, nawalangiza kuti pobwerera asacheuke. M'miyambo imeneyi mudali zina zimene mkhristu sangazivomere, monga kuombeza ndi kuloza anthu ufiti. Komabe mudali choonadi chimene Malembo Oyera nawonso amachidziwa. M'buku la Numeri, mutu 31, ankhondo a Israele adalamulidwa kukhala kunja kwa zithando masiku asanu ndi awiri, kudziyeretsa ndi kuchapa zovala zawo asanalowe pakati pa anthu. Basilio Woyera, episkopi wa ku Caesarea m'zaka za m'ma 370, ngakhale sadawerenge msilikali wopha pa nkhondo ngati chigawenga, adalangiza kuti ayambe wadikira zaka zitatu asanalandire Ukaristia. Onsewa akugwirizana pa mfundo imodzi: munthu sachoka ku nkhondo ndi kulowa m'nyumba ngati wochokera ku munda. Pafunika khomo, ndiponso pafunika anthu omudikira pa khomopo.

Zimene Eklezia adapereka

Choyamba chidali mpando. Miphakati imene idabadwa ku msonkhano wa ku Beira idachita zimene lamulo silikanatha: idakhazika pa mkeka umodzi wochokera kwa Renamo, wochokera ku boma, wobwera ku Malawi ndi mayi wamasiye. Sizidali zopepuka. Kudali misonkhano imene idatha anthu osayang'anana, ndipo kudali amayi amene kwa zaka zambiri sankatha kupereka dzanja la mtendere pa Misa. Koma chibale ndi fupa, sichiola. Pang'onopang'ono wokhala pakhomo uja adasendera kutsogolo, napatsidwa ng'oma, kapena udindo woumba njerwa za tchalitchi.

Chachiwiri chidali khutu. Lamulo lidati tiiwale, mwambo udati usacheuke. Malo amodzi okha amene munthu akadatha kutchula ndi pakamwa pake zimene manja ake adachita, osaopa ndende kapena kubwezeredwa, adali Sakramenti la Kulapa, limene chinsinsi chake wansembe sangachiulule ngakhale pa imfa. Ntchito yathu akatekisiti idali yokonzekeretsa anthu ulendo umenewu, ndipo pamenepo chiphunzitso chakale chidasanduka mankhwala. Katekisimu amati tchimo lalikulu limafuna zinthu zitatu: chinthu chachikulu, kudziwa kwathunthu, ndi kufuna kwa mwini wake. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri amene adagwidwa, naloza mfuti chifukwa mfuti ina idamuloza kumbuyo, sangasenze mtolo wofanana ndi wa amene adamutuma. Ambiri adali asanamvepo mawu amenewa. Koma sitidanamize amene adachita zoipa mwadala kuti palibe kanthu; iwowa ankadziwa okha kuti kanthu kalipo, ndipo chimene ankafuna si kupeputsidwa kwa mlandu koma chikhululukiro.

Panali funso lina limene linkabwera kawirikawiri: ngati Mulungu wandikhululukira, bwanji maloto aja sakutha? Yankho lili m'thupi la Ambuye athu. Yesu atauka kwa akufa sadabise mabala ake. Adawaonetsa kwa ophunzira, naitana Tomasi kuti awakhudze. Chipsera si umboni wakuti munthu sadakhululukidwe. Francisco Woyera wa ku Assisi, amene tsiku lake ndi 4 Okutobala, tsiku lomwe la mtendere wathu, adagwidwa pa nkhondo ya mu 1202, nakhala m'ndende ya ku Perugia pafupifupi chaka, nabwerera kwawo wodwala ndi wosakondwanso ndi za kale. Ignacio Woyera wa ku Loyola adathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga ku Pamplona mu 1521, nayenda motsimphina moyo wake wonse. Mulungu sadadikire kuti zipsera zawo zifafanizike asanawatume.

Chachitatu chidali ntchito. Kulapa koona kumafuna kukonza chimene chidaonongeka, ndipo kumene moyo sungabwezedwe, manja angathe kulimira wamasiye, kufolera nyumba ya nkhalamba, kukumba manda. Mu 1995 Bungwe la Mipingo ya Chikhristu m'dziko lino, motsogozedwa ndi Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglican, lidayambitsa ntchito yosintha zida kukhala makasu, potsata masomphenya a mneneri Yesaya. Wopereka mfuti yobisika ankalandira khasu, njinga, malata kapena makina osokera, ndipo amisiri adadula mfutizo nazisandutsa zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezi udakafika ku British Museum, mu mzinda wa London. Munthu amene wafukula mfuti ya pansi pa nkhokwe wavomera kuti mawa lake lili m'manja mwa Mulungu ndi a anansi ake.

Ntchito yotsala

Mu Seputembala 2015 dziko lathu lidalengeza kuti mabomba okwirira onse odziwika achotsedwa m'nthaka. Ntchitoyo idatenga zaka zoposa makumi awiri, ndipo ya m'mitima ndi yochedwa kuposa pamenepo. Mfuti zidaliranso pakati pa dziko kuyambira 2013, mpaka mgwirizano wina udasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, mwezi umodzi Apapa Francisco asanatichezere. Msasa womaliza wa Renamo udatsekedwa mu Juni 2023, asilikali oposa 5,000 atatula zida. Mu Okutobala 2017 nkhondo ina idayamba ku Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo kumapeto kwa 2021 idakhudza boma la Mecula kuno ku Niassa. Asilikali a 1992 lero ndi a imvi, ena ndi akuluakulu a mpingo, ena akadali pakhomo paja. Ndipo ana awo ndi adzukulu awo avala yunifolomu.

Tsono, abale anga, polowa m'zaka zana zachiwiri tisunge zimene taphunzira ndi misozi. Wobwera ku nkhondo timuchingamire, timuyendere, ndipo tisamukakamize kufotokoza asanakonzeke. Akayamba kulankhula, timvetsere osadula mawu, ndipo zimene tamva zisakafike ku chitsime kapena ku msika. Amene sagona, amene waledzera chaka chonse, amene akukamba zodzipha, timuperekeze ku chipatala kwa ophunzira za matenda a maganizo, pakuti pemphero ndi mankhwala sizidana. Mutu umodzi susenza denga. Mkazi ndi ana omenyedwa tiwateteze, chifukwa bala la bambo silipereka chilolezo chovulaza ena. Amayi amene adatengedwa ali atsikana, ndi ana amene adabadwira kuthengo, asamvenso maina onyoza pakati pathu. Ndi abale athu Asilamu tigwirane manja pa ntchito imeneyi, monga adatiyambira Ambuye Eurico. Ndipo mwezi wa Novembala, popempherera akufa, titchule a mbali zonse, ngakhale aja amene manda awo sadziwika.

Amayi Maria, amene makolo athu ku Massangulo adaphunzira kuwatchula Consolata, ndiye kuti Wotonthozedwa ndi Wotonthoza, adaima pa mtanda pafupi ndi asilikali amene adapachika Mwana wawo, ndipo mkulu wa asilikali omwewo ndiye adavomera poyera kuti wopachikidwayo adali Mwana wa Mulungu. Atipempherere ife ndi ana athu onse ochokera ku nkhondo, kuti m'nyumba ya Atate pasapezeke wotsalira pakhomo.